Ulimba Umene Unapita ndi Madzi

Clotilda sanaikonde nyimboyo tsiku loyamba, ndipo wokuuzani kuti anaikonda ndi wabodza. Iye ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika wa pa Nsanje boma, ndipo khomo loyandikana nalo linali la Goodwell, bambo wotchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'makadi. Goodwell anali ndi sipika yaikulu ngati mbiya ya mowa, ndipo ankaliza chilichonse chimene chabwera, kaya za kutchalitchi, kaya za ku Mozambiki, bola anthu aime pakhomo pake. Koma m'mawa wina m'nyengo yotentha, malata atayamba kale kuthetheka ndi dzuwa, sipika ija inatulutsa zinthu zimene zinatembenuza msika wonse.

Kunalibe woimba ndi pakamwa. Gitala ya besi inkang'ung'udza pansipansi, ng'oma zachizungu zikuthamanga n'kumapunthwa dala, kenaka zii, ngati magetsi azima. Ukati yatha, yayambiranso pena. Pamwamba pa zonsezo pankayenda ulimba, ulimba weniweni wa kuno kuchigwa, wa matabwa oyalidwa pamwamba pa zikho, umene anthu amaimba pamaliro.

"Sipika yanu yafa, a Goodwell," anatero mayi wogulitsa milamba youma.

"Siinafe, mayi. Ameneyu ndi jazi wosakaniza ndi fanki. Chimbale chatsopano, cha anthu atatu okha."

"Nanga atatuwo akukangana chiyani?"

Anthu anaseka. Wina anati ndi nyimbo za osuta chamba. Wina anati nyimbo yopanda mawu njoopsa, chifukwa sudziwa chimene ukuvomera. Bambo wina wakabaza analavulira pansi, nati kuika ulimba wa pamaliro m'sipika ya pamsika n'kuitana maliro. Goodwell, mwano wake uja, anangokweza mawu.

Clotilda anangopitiriza kusoka. Ulimba ankadana nawo, ndipo msika wonse unkadziwa chifukwa chake. Bambo ake, malemu a Ignasio, anali katswiri wa ulimba kuchokera ku Marka mpaka ku Bangula. Kukagwa maliro ankadzatengedwa, n'kusowa masiku, n'kubwera akununkha kachasu, m'manja muli timitengo toimbira basi. Mayi ake, a Sellina, anakalamba akudikira. Ndiye pamene Sebastiano, kalipentala amene ankaphunzira ulimba kwa a Ignasio, anadzamufunsira, Clotilda ananena pamaso pa ankhoswe kuti asankhe, iye kapena timitengo. Sebastiano anasankha mkazi. Anabereka mwana, Emmie. A Sellina anamwalira, a Ignasio n'kutsatira, ndipo ulimba unapachikidwa kudenga la nyumba ya Clotilda, poti mwana wawo wotsala anali iye yekha. Chaka ndi chaka ankanena kuti adzauwotcha mvula ikatha. Kenaka kunabwera namondwe uja, Shire anasefukira, banja n'kuthawira kumsasa wa kusukulu. Sebastiano ndiye anabwerera pabwato kukaona nyumba, nadzanena kuti denga lapita ndipo ulimba wapita nalo. Clotilda anati aleluya pamaso pa amayi onse a pamsasa.

Tsono mavuto a chimbale chija anayamba ndi phazi. Makina a Clotilda anali opalasa ndi phazi, ndipo phazi la munthu lilibe manyazi. Goodwell atabwereza chimbalecho mawa lake, Clotilda anangoona kuti mzere wa diresi ya yunifolomu ukuwongoka wokha, phazi likutsata besi ija osauzidwa. Ng'oma zikapunthwa, phazi linkadikira. Zikabwerera, nalo linkabwerera. Anakwiya, nayesa kupalasa motsutsana nayo, ulusi n'kuduka. Nyimboyo inali ngati munthu wokuputa dala: amakulonjeza kuti aponda apa, n'kukaponda apo, iwe n'kumafuna kudziwa kuti kenaka aponda pati. Clotilda anadzipeza akumvetsera, anthuni, iye mwini wake wa aleluya uja.

N'kumvetserako kumene kunamupweteka. Mkati mwa nyimbo yachitatu, besi ndi ng'oma zinaleka mwadzidzidzi, pakhala chete, kenaka kathabwa kamodzi kokha ka ulimba kanalira. Kho. Kho, kho. Sikanalire bwino ngati anzake. Kanali kouma, kachidule, ngati munthu akutsokomola kuseri kwa chitseko. Besi inakayankha motsitsa, iko n'kubwerezanso.

Singano inaima pakati pa nsalu. Clotilda ankakadziwa kathabwa kameneko kuposa mawu a mwana wake. Ali mtsikana, thabwa limodzi la ulimba wa bambo ake linang'aluka tsiku limene ankayembekezeka pamaliro a munthu wamkulu. Mtengo wabwino panalibe. A Ignasio anangoyang'ana pabwalo, natola munsi wa a Sellina, naudula, nasema kathabwa. A Sellina analira ngati afedwa, ndipo chaka chonsecho ankasinja ndi munsi wobwereka. Kathabwako sikanamvane konse ndi anzake, koma a Ignasio anakana kukachotsa. Akakamenya ankaseka, amvekere, "Tamverani, a Sellina akudandaula." Padziko lonse la Mulungu kathabwa kotero kanali kamodzi, ndipo kanayenera kukhala kali pansi pa matope kwinakwake ku Zambezi.

Anadikira kuti makasitomala achepe, napita pakhomo pa Goodwell.

"Chimbale chimenechi mwachitenga kuti?"

"Chakugwirani, eti? Ndinadziwa. Anandipatsa msuweni wanga wa ku Bangula. Anajambulira konko, m'kachipinda, koma akuti ku Blantyre anthu apenga nacho."

"Oimbawo ndani?"

"Wa besi ndi a Humphrey, mphunzitsi. Wa ng'oma ndi a Limbikani, ankaimba m'mahotela kale."

"Wa ulimba?"

Goodwell anayamba kufunafuna chingwe cha foni chimene chinali m'manja mwake momwe. "Ameneyo akuti safuna kutchulidwa."

"Chifukwa ninji?"

"Kaya, mayi a Emmie. Ine ndimangoika nyimbo."

Clotilda anamupatsa foni yake kuti amuikire chimbale chonse. Pobwerera pamakina anaona ngati mayi wa milamba uja wamuyang'ana n'kuyang'ana kumbali. Mwina sanatero. Koma munthu ukayamba kukayika, ngakhale mbuzi yodutsa imaoneka ngati ikudziwa kanthu.

Ku Bangula. Sebastiano ankapita ku Bangula Loweruka lililonse kuyambira madzi ataphwa, akuti akupachika zitseko panyumba ina yogona alendo imene ikumangidwa. Nyumba yake ya zitseko zingati imeneyo, yosatha zaka ziwiri? Kale Clotilda ankaganiza za mkazi. Ananunkhizapo malaya, anasechapo m'matumba a thalauza, osapeza kanthu koma utuchi. Tsopano anaona kuti bola akanakhala mkazi, chifukwa nkhani ya mkazi ankhoswe amaidziwa poigwira. Koma ngati Sebastiano anauchotsa ulimba kudenga madzi asanafike pamenepo, n'kuima pamaso pake pamsasa paja ndi nkhope yachisoni, ndiye kuti bodza lagona pamphasa pawo nthawi yonseyi. Ndipo ngati ndi iye akuimba, ndiye kuti pangano la pamaso pa ankhoswe linasweka kalekale, iye yekha Clotilda ndiye sanauzidwe. Mtima unamuwawa kwambiri.

Komabe anadziletsa. Mwina ulimba unakakamira pamtengo, wina n'kutola. Mwina Sebastiano anangoupereka kwa munthu. Clotilda sanali mkazi wolalata asanaone ndi maso, choncho anayamba kumuyang'anitsitsa mwamuna wake. Anaona kuti akamadikira madzi osamba zala zake zimagogoda pabondo, dzanja lamanzere lina, lamanja lina. Anaona kuti Lachisanu amaimba mluzu. Koma kalipentala aliyense amagogoda, ndipo mluzu si mlandu.

Lamulungu masana atachoka kutchalitchi, Emmie atapita kwa anzake, anakhala awiriwiri pansi pa mtengo wa nimu akudya mbatata ndi tiyi. Clotilda anatulutsa foni, naiika pamphasa, nayatsa nyimbo yachitatu ija.

Sebastiano anatsamwa pang'ono. "Phokoso lanji limenelo, mayi a Emmie?"

"Za a Goodwell. Akuti jazi. Munamvapo?"

"Nkhabe, sindinamvepo. Ine zimenezo ndimvere kuti?"

"Mverani, n'zoseketsa."

Anapitiriza kudya, maso ali pambatata. Clotilda sankayang'ana nkhope, poti nkhope ya mwamuna imaphunzitsidwa. Ankayang'ana dzanja. Besi inkathamanga, ng'oma zikuithamangitsa, ndipo panalibe chilichonse chosonyeza kuti zileka. Iye mwini, atamva nyimboyo kambirimbiri, malo olekerawo ankamudzidzimutsabe. Koma Sebastiano, kapu ili m'njira yopita kukamwa, anaiimitsa m'malere nyimbo isanaleke. Anagwira mpweya. Kenaka chete uja anafika, kathabwa n'kulira, ndipo chala chake chinagunda pakapu nthawi yomweyo.

Munthu womva koyamba sangadziwe pamene nyimbo yopenga chonchi ilekere. Clotilda anazimitsa foni, nafunsa ngati awonjezere tiyi.

"Takhuta," anatero Sebastiano, osamuyang'ana.

Sabata imeneyo Clotilda anasoka mikono iwiri ya malaya mozondoka. Chimene chinkamunyansa kwambiri n'chakuti chimbalecho sichinkamusiya. Ankachiliza motsitsa akamatsuka mbale, akudziuza kuti akufuna umboni, pamene umboni anali nawo kale. Munali nyimbo ina imene ulimba unkayamba ndi kayendedwe ka pamaliro, kaja a Ignasio ankaimba anthu akatopa kulira, kenaka besi n'kukalowa pansi, kukanyamula, kukasandutsa chinthu choti munthu agwedeze phewa. Kwa Clotilda chinali chipongwe. Koma chinali chokoma, ndipo kukomako n'kumene kunkamukwiyitsa.

Loweruka Sebastiano ananyamula chikwama cha zida, natsanzika. Clotilda anadikira kuti minibasi yake inyamuke, nasiya Emmie kwa mnansi, nakwera yotsatira. Potuluka m'nyumba anatola bokosi la machesi pawindo, nalimanga pamfundo ya chitenje.

Ku Bangula sanafunse munthu. Akanafunsa, uthenga ukanafika iye asanafike. Anangoyenda kudutsa ogulitsa mbuzi, kudutsa chigayo, makutu ali tcheru, mpaka kuseri kwa malo ena owotcherera zitsulo anamva besi ikugunda m'nthaka. Kunali kanyumba ka njerwa zosapaka, mawindo otsekedwa ndi matiresi akale. Chitseko chake chinali chatsopano, chopachikidwa bwino. Ndiye zitseko za ku Bangula zinali zimenezi.

Anaima panja padzuwa kanthawi. Mkatimo ankayesa nyimbo imene sinali pachimbale. Ankayamba, n'kusiya, wina n'kuseka, n'kuyambiranso. Kenaka zinagwirana, ndipo Clotilda anamva ulimba wa bambo ake ukuthamanga monga sunathamangepo chimwalirireni mwini wake. Anazindikira kuti phazi lake likugunda pafumbi. Analiponda ndi linzake, nakankha chitseko.

Woyamba kuleka anali wa ng'oma. Wa besi anatsatira. Sebastiano anali chogwada, msana kuchitseko, thukuta lili chuchuchu, ndipo anapitiriza yekha kwa kanthawi, poganiza kuti anzake amusiyira mpata. Atatembenuka, timitengo tinatsala m'mwamba.

"Mayi a Emmie."

Clotilda anamulambalala. Anapereka moni kwa a Humphrey ndi a Limbikani mwaulemu wonse, iwo n'kuyankha ngati ana ogwidwa m'munda wa nzimbe. Kenaka anagwada pafupi ndi ulimba. Unali womwewo. Zikho zina zinali zatsopano, zingwe zasinthidwa, matabwa apakidwa mafuta. Munthu ankausamala ndithu. Chakumapeto kunali kathabwa kaja, kotuwa kuposa anzake, ndipo m'mbali mwake munkaonekabe posalala pamene pankagwira manja a a Sellina.

Anamasula mfundo ya chitenje, naika machesi pansi. A Humphrey anakoka mpweya. A Limbikani ananena motsitsa kuti mwina iwo atuluke kaye, ndipo anatulukadi onse awiri.

"Unapita ndi madzi," anatero Clotilda.

"Madzi anali asanafike kudenga," anayankha Sebastiano. "Ndinaukweza m'bwato, ndinakausiya kwa mnzanga kumtunda. Sindinkafuna kuimba, Mulungu akudziwa. Koma a Humphrey anaumva mbiri, anadzandipeza, ndinati ndiyese kamodzi."

"Kamodzi."

"Kachasu sindinamwepo. Kugona kunja sindinagonepo. Madzulo ndimakhala ndafika."

"Sindinafunse zimenezo, bambo a Emmie. Ndikufunsa za pamsasa paja. Munandiyang'ana m'maso."

"Mukanauwotcha."

"Ndani anakuuzani?"

"Inu nomwe. Chaka chilichonse."

Clotilda anakankha bokosi la machesi ndi chala mpaka linagunda bondo la mwamuna wake. "Awa akhala pawindo m'nyumba mwathu chikwatiranireni. Ulimba unali kudenga, mpando wokwerapo unalipo, inu mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Chinkandiletsa n'chiyani?"

Sebastiano anayang'ana bokosi la machesi lija.

"Mvula inatha kangati ndili kunena zomwezo? Inu osadabwa?"

"Munati aleluya," anatero, mawu atachepa. "Anthu onse anamva."

"Nanga ndikanati chiyani, amayi a mumpingo ali pomwepo, onse akudziwa zimene ndinalumbira? Aleluyayo munamva. Kuseri kwa kalasi simunabwere. Ndinakhala kumeneko mpaka maso anatupa, inu n'kumati ndi utsi wa nkhuni zonyowa." Anaika dzanja pa kathabwa kaja. "Zithunzi zinapita, zitenje zawo zinapita, manda a mayi anakokoloka, sitidziwa n'pomwe agona. Chimene chinatsala cha mayi anga ndi ichi. Cha baba ndi ichi. Inu munali nacho, n'kundisiya ndikulira maliro achiwiri."

Panja wowotcherera zitsulo anayamba ntchito, kenaka analeka. Sebastiano anaika timitengo pansi pang'onopang'ono. Misozi inasakanikirana ndi thukuta, ndipo sanaipukute.

"Sindinadziwe, mayi a Emmie."

"Simunafunse. M'nyimbo zanuzi mumadziwa pamene anzanu alekere asanaleke. Ine mwakhala nane zaka zonsezi."

Anadzuka, nasasa fumbi pamaondo, natsegula chitseko. A Humphrey ndi a Limbikani anali chiimire pamthunzi wa khoma, akunamizira kuyang'ana msewu. Clotilda anawapempha kuti amuthandize kunyamula katundu wake kupita pasiteji.

"Mayi, pepani," anayamba a Humphrey, "mwezi wamawa tinaitanidwa ku Blantyre, ndipo popanda ulimbawu ife awiri ndife phokoso chabe."

"Zimenezo n'zoona," anatero Clotilda. "Gwirani uko."

Ananyamula atatu, Clotilda ndi abambo awiriwo, iye akutsogolera, anthu a pamsewu akuyang'ana. Kondakitala anadandaula kuti minibasi si lole, koma anawapatsa mpando wakumbuyo kuti ulimba ugone pamiyendo. Clotilda analowa, nakhala pawindo, nalandira mbali ya kathabwa kaja. Mbali inayo inalibe woigwira. Sebastiano anali chiimire panja, chikwama cha zida paphewa, dzanja limodzi lili kumbuyo.

"Bambo, mukukwera kapena mukuperekeza?" anafunsa kondakitala.

Sebastiano anayang'ana mkazi wake. Clotilda anamusiya aime choncho mpaka dalaivala analiza hutala.

"Kwerani mugwire, zikho zingasweke," anatero. "Timitengoto musabise kumbuyo, ndationa."

Anakwera, nakhala, nalandira mbali yake. Galimoto itanyamuka anafunsa monong'ona kuti tsono zikhala bwanji.

"Mawu aja ndinanena pamaso pa ankhoswe, ndikawabweza pamaso pa ankhoswe," anayankha Clotilda, maso ali pawindo. "Ulimba ukhala m'nyumba mwanga. Anzanuwo akaufuna azibwera kwathu, masana, ndizimva ndi makutu anga. Koma bodza lanu mukalifotokoza nokha komweko, kuyambira pabwato, ndipo ine ndikhala chete mpaka mumalize."

Sebastiano anagwedeza mutu. Pofika pamene msewu unakokoloka ndi madzi, minibasi inatsikira m'fumbi n'kuyamba kudumpha, matabwa onse akugwedera pazingwe zawo. Kathabwa ka munsi kanali kolendewera pang'ono, ndipo kankagunda pamtanda wake, kho, kho. Clotilda anakaphimba ndi chikhatho, nakagwira choncho mpaka ku Nsanje, akulira poyera, osasamala kuti m'galimoto muli anthu.